Mlongo wanga amene ana ake amamutchula mayi

Abale ndi alongo a pagulu pano, a ku Dedza ndi ku Kasungu, a ku Katete ndi ku Lusaka, a ku Angónia, ndi ife otsalira kumigodi ya kuno ku Zimbabwe, ndiloleni lero nditalikitseko. Pamene tinkakambirana za mawu obwereka, wina anatchula mawu akuti mathanyula. Ena anaseka, ena anati tisadetse bwalo, nkhani n'kufera pomwepo. Ine sukulu yanga inali ya zilankhulo, ndipo inandisiyira khalidwe loti mawu amene anthu akuwalambalala ndi amene ndimafuna kuwavundukula. Palinso chifukwa china. Mawu amenewa, pamodzi ndi anzake a Chishona akuti ngochani, akhala akuponyedwa pa munthu amene ndinkadya naye m'mbale imodzi, mwana wa amayi anga aang'ono, amene mwa chibale chathu ndi mlongo wanga. Dzina lake ndilibisa, ndipo mukamawerenga mumvetsa chifukwa chake.

Amaveni ndi komboni yakale ya mzinda wa Kwekwe, umene azungu ankaulemba kuti Que Que. Mzindawu unamera pa golide wa mgodi wa Globe and Phoenix m'zaka za m'ma 1890, kenako unakula ndi chitsulo cha ku Redcliff, ndipo ambiri mwa manja amene anakumba ndi kusungunula anachokera kumpoto kwa Zambezi. Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nadutsa ku Tete, kwina wapansi, kwina pa lole ya ulere. Agogo aakazi anawalondola pambuyo pake, mwana ali kumsana. Sanabwererenso. Kumudzi anawawerengera m'gulu la matchona. Kuno anapeza mayina ena akuwadikira: Mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, ngakhale iwo ku Blantyre anali asanapondeko, Manyasarande, mabwidi. Ngakhale mawu aulemu akuti achimwene, amene tinabwereka kwa Ayao, kuno anasanduka otiseka nawo.

Amene munaphunzira galamala ku Malawi mukukumbukira kuti munthu amakhala m'gulu la Mu-A: Mchewa, Achewa, mlendo, alendo. Chishona chili chimodzimodzi: muZezuru, vaZezuru. Ife anatisamutsira ku gulu la Li-Ma, kumene kuli makasu ndi mabokosi. Gululo palokha lilibe tchimo, pakuti mafumu ndi madokotala ali komweko ndipo palibe amawanyoza. Komabe taonani amene timawatumizako tikafuna kuti akhale mulu wopanda nkhope. Ku Joni alendo akuda ndi makwerekwere. Ku Lilongwe, ife eni akefe, ogulitsa m'masitolo ochokera ku Rwanda ndi ku Burundi timangowaphatikiza kuti maburundi. Mawu akuti mathanyula ali m'gulu lomwelo, koma iwo satchula n'komwe munthu, amatchula mchitidwe. Kuti tipeze munthuyo timachita kumata wa- kutsogolo, monga timachitira ndi wamisala kapena wakhate. Luso lake, agogo amene anamulera, ngongole zake ndi nthabwala zake, zonse zimamezedwa ndi zimene ena akuganiza kuti amachita kuchipinda. Mawayilesi ndi mabungwe a zaumoyo akafuna kuonetsa ulemu amati amuna ogonana ndi amuna anzawo, mawu asanu amene akadali kuchipinda komweko.

Ife a ku Amaveni sitifunika kuuzidwa mmene dzina limalemerera. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu obadwira kuno, a makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, anauzidwa kuti akane unzika wa mayiko amene ambiri anali asanawaonepo. Amayi anga, obadwira ku Que Que, anayenda zaka ndi chitupa cholembedwa kuti ndi mlendo, mavoti n'kumawadutsa. Cha m'zaka zomwezo Robert Mugabe ananena za anthu a ku Mbare kuti alibe mitupo, ndiye kuti alibe mfunda, ngati kuti Phiri, Banda, Mbewe ndi Mwale ndi mayina otola panjira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anabweza unzika kwa obadwira kuno, naika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Koma pakamwa pomwe paja, mu Ogasiti 1995, nthawi imene bungwe la GALZ linaletsedwa kuika tebulo lake pa chionetsero cha mabuku ku Harare, panatuluka mawu oti anthu onga mlongo wanga ndi oipa kuposa agalu ndi nkhumba. Ndipo malamulo a 2013 omwewo, amene ife tinawavinira, ali ndi ndime 78 yoletsa ukwati wa anthu ofanana ziwalo. Mlongo wanga anapatsidwa dziko ndi dzanja lamanja, nakankhidwa ndi lamanzere, m'buku limodzi.

Ng'anjo za ku Redcliff zitazima mu 2008, Kwekwe anakhuthuka. Amuna ena analowa m'maenje a makorokoza, okumba golide paokha, ena anawoloka Limpopo. Makolo a mlongo wanga anapita ku Botswana, iye n'kutsala ndi agogo aakazi, nyumba imodzi ndi ife. M'nyumbamo munali makina osokera a Singer, opalasa ndi miyendo, amene agogo aamuna ankasokera kumapeto a sabata akaweruka kumgodi, monga ankachitira amuna ambiri a ku Nyasaland. Ana awo aamuna onse anawakana makinawo. Iye anawakhalira ali ndi zaka 10, mapazi asanafike bwino pachopondera. Agogo sanafunse kanthu. Anamuphunzitsa kulowetsa ulusi, kudula nsalu osaiwononga, ndi kuyeza thupi la munthu ndi maso tepi isanafike. Ankamutchula telala wanga, ndipo anatsikira kuli chete akumutchula choncho.

Pomaliza Fomu 4 anali atadziwika kale m'komboni monse. Kuno ukwati suyenda popanda masitepe: anyamata ndi atsikana operekeza akwati amaphunzira kuvina kwa milungu ingapo, ndipo pamafunika mphunzitsi. Iye ndiye anali mphunzitsiyo. Ankasoka madiresi, kenako n'kuphunzitsa eni ake kuyenda nawo. Pakakhala mpikisano wa atsikana woonetsa zovala, okonza ankabwera kudzamutenga pakhomo. Ine ndinkakhala pakhonde n'kumamvetsera, chifukwa ngakhale ambiri mwa ophunzira ake ankalankhula Chishona, pofika pa kuyenda iye ankabwerera ku Chichewa cha agogo. Ankati ndicho chili ndi aneni okwanira. Kunyang'wa n'kwina: mapewa kumbuyo, chibwano m'mwamba, ngati bwalo lonse ndi la atate ako. Kunyang'ama n'kwina: pang'onopang'ono, phazi kutsogolo kwa linzake, osathamangira aliyense. Kuthimbwidzika ndiye kwa m'chiuno, ndipo ankachenjeza kuti ukakuchulutsa umasanduka choseketsa. Mtsikana wogwetsa khosi ankamusenzetsa ndowa ya madzi, nati, “Amayi ako akhala akuyenda chonchi kuchokera pampopi chibadwire iwe. Usandiuze kuti ndi zachizungu.” Zaka zonse zimene ndinakhala ku yunivesite ku Gweru sindinamvepo phunziro la tanthauzo la mawu lomveka kuposa limenelo.

Anthu omwe ankamulipira masana ndi amene ankamuimbira mluzu madzulo akamadutsa pabala. Mayi ankatha kumupatsa mwana wake wamkazi mwezi wathunthu kuti amuphunzitse, koma wamwamuna ankamukoka dzanja akaima naye pafupi. Tsiku lina anabwera kunyumba mlomo utatupa, malaya amene anasoka yekha atang'ambika. Sitinakanene kulikonse. Ndime 73 ya lamulo la milandu ya upandu imaletsa amuna kugonana, ndipo munthu wonga iye amaopa kuti akapita kukadandaula, mafunso atembenukira kwa iye. Chaka chotsatira anakwera basi ya ku Beitbridge.

Ku Johannesburg anapeza kuti zimene ankachita pa fumbi la ku Amaveni zili ndi dzina, zili ndi mbiri, ndiponso zili ndi oweruza. Amazitcha ballroom, ndipo zinakulira ku Harlem, mu mzinda wa New York. Mipikisano ya amuna ovala zachikazi inaliko kumeneko kuyambira kale, koma oweruza ankakondera oyera khungu. Mu 1967 Crystal LaBeija, wakuda, anachoka mokwiya pa mpikisano wina ataona kuti chisoti chapita kwa mzungu, ndipo mkwiyo wake unajambulidwa mu filimu ya The Queen ya 1968. M'zaka za m'ma 1970 iye ndi anzake anayamba kukonza mabwalo awoawo, nakhazikitsa House of LaBeija. Nyumba zina zinatsatira, monga Dupree, Xtravaganza ndi Ninja. Nyumba yotere ilibe njerwa. Ndi gulu la achinyamata, ambiri othamangitsidwa kwawo, okhala pansi pa mayi kapena bambo amene sanawabale. Mayiyo amawadyetsa akakhala nacho, amawalangiza za matenda, amawasokera, amawaphunzitsa kuyenda, ndipo m'zaka zimene Edzi inkasesa, ankawaikanso m'manda.

Usiku wa mpikisano nyumba zimakumana, ndipo wolengeza amaitana magawo limodzilimodzi: la nkhope, la zovala, la kavinidwe ka vogue kotsanzira maimidwe a m'magazini, la runway, lomwe ndi kuyenda basi, kuchokera uko kukafika kwa oweruza ndi kubwerera. Wopikisana sanena kuti ndikavina, amati ndikayenda. Oweruza akakhutira amapereka 10 aliyense, koma mmodzi akakana ndiye kuti wadulidwa. Dziko linazidziwa izi mu 1990 kudzera mu filimu ya Jennie Livingston ya Paris Is Burning ndi nyimbo ya Madonna ya Vogue, ndipo achinyamata a lero anazionera mu sewero la pa kanema la Pose. Willi Ninja, mayi wa House of Ninja, amene anamwalira mu 2006, ankadyera ntchito yophunzitsa akazi kuyenda, yomwe ija ya ndowa pamutu.

Ku South Africa mabwalowa akula m'zaka zaposachedwa. Ku Johannesburg kuli Vogue Nights Jozi, imene anayambitsa Lelowhatsgood, ndipo ku Cape Town Kirvan Fortuin anakhazikitsa House of Le Cap. Fortuin anabayidwa nafa ku Macassar mu Juni 2020, m'dziko limene malamulo ake aakulu a 1996 amaletsa tsankho lotere, limenenso linalola ukwati wa anthu ofanana ziwalo mu 2006. Ndikutchula izi kuti wina asaganize kuti mlongo wanga anakafika ku Kanani. Masana amasoka m'kachipinda ka lendi, ndipo akatuluka pamsewu ndi mlendo ngati mlendo wina aliyense. Ali ndi ana asanu ndi awiri, a ku Zimbabwe, a ku Congo, ndi awiri a ku Malawi. Amamutchula mayi. Iye sanandiuzepo kuti ndi mkazi. Gawo lake ndi runway, ndipo amayenda m'majekete aataliatali amene amasoka pophatikiza chitenje ndi nsalu ya ovolosi ya kumgodi, malamba onyezimira ali pomwepo.

Atanditumizira kanema wake woyamba, maganizo anga sanapite ku New York. Anapita ku beni. Anansi athu a ku Mangochi ankatuluka Lamlungu masana ndi yunifomu za khaki zositidwa mpaka mzere wa buluku kuoneka ngati mpeni, nsapato zowala, mluzu pakamwa, aliyense ndi udindo wake wa usilikali. Amuna amenewa mkati mwa sabata anali manambala pa tikiti ya ntchito. T. O. Ranger, m'buku lake la 1975 la mbiri ya beni, anaonetsa kuti guleyu anayambira kugombe la Aswahili m'zaka za m'ma 1890, kuti dzina lake linachokera ku mawu a Chingerezi otchulira gulu loimba malipenga, ndipo kuti anafalikira ndi asilikali ndi anthu a ulendo wa ntchito. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda wa ku Dowa ndi abale ake. J. Clyde Mitchell, pofotokoza za kalela wa ku Luanshya mu 1956, analemba za ovina ovala mwaudongo, a dokotala wawo wa mkanjo woyera, ndi nesi amene ankazungulira ndi kalilole kuti wovina aliyense adzione ngati akadali wotchena. Tsono mu Paris Is Burning muli gawo limene munthu wopanda ntchito amayenda ngati bwana wa kampani, suti ndi chikwama, wina ngati msilikali, wina ngati wophunzira wa ku koleji, ndipo oweruza amaona ngati angakhulupirike. Ndi nzeru imodzi: anakumana mpando, iwe n'kuuvala, n'kuuvala bwino kuposa mwini wake, anthu ako akuona. Mawu akuti kutchena, amene Ashona amati kuchena, ndi amodzi mbali zonse ziwiri za Zambezi, ndipo m'komboni sankatanthauza kunyada kwachabe.

Ndikudziwa kuti akuluakulu a beni aja akanakhala moyo, ena akanakwiya ndi kufanizira kumeneku, ndipo sindikuwaveka chimene sanali. Kusiyana kulipo, ndipo n'kwakukulu: wovina beni ankabwerera kunyumba ndi yunifomu yake anthu akumuombera m'manja, pamene mwana wa ballroom amavula zonse, n'kuziika m'chikwama, asanakwere takisi. Za gule wamkulu sindilowamo kwambiri. Ndine mkazi, ndipo za kudambwe si zanga kuulula. Ndingonena zimene aliyense woima pabwalo amaona: Maliya akatuluka ndi chitenje chake, mpango wake, ndi kayendedwe kake kaja, amayi amalulutira, ndipo palibe amafunsa za kunsi kwa nsalu. Maliya ndi wa mizimu, si wa mpikisano. Koma mtundu umene uli ndi Maliya, umenenso uli ndi anamkungwi ophunzitsa namwali kuyenda, kukhala ndi kugwada, sungadabwe kumva kuti kayendedwe ka mkazi n'kophunzira. Kukanakhala kobadwa nako, anamkungwi akanasowa ntchito.

Kanema uja sanathere pa foni yanga. Anadutsa m'manja ambiri pa WhatsApp mpaka anafika kwa amalume athu, mwana uja anabwera kumsana kuchokera ku Dedza. Chimene chinawapweteka kwambiri sichinali jekete. Chinali kumva achinyamata akukuwa kuti mayi, mayi, kwa mwana wa mlongo wawo. Anati uku ndiye kutha kwa dziko. Ndinadikira kuti mtima wawo utsike, kenako ndinagwada ndi kufunsa kuti, “Amalume, pepani, kodi dzina lanuli limatanthauza chiyani?” Pakuti malume ndi ma- wa mayi ndi -lume wa mwamuna, tsinde lomwe lili mu murume wa Chishona. Malume ndi mayi wamwamuna. A ku Kasungu mudzati mawu enieni a Chichewa ndi atsibweni, malume anadza ndi Angoni. Zoona, koma takhala nawo zaka zoposa 100 ndipo sanatilume. Mlongo wa bambo, amene lero timati azakhali kapena anti, agogo anga ankamutchula atate aakazi, monga Andebele amati ubabakazi. Ndikanakonda kumva kwa a ku Katete ndi a ku Angónia ngati mawu amenewa akadalipo kwanuko. M'chilankhulo chathu umayi ndi utate ndi mbali imene munthu waima m'banja ndi katundu amene wasenza. Amalume sanandiyankhe. Anati ana a sukulu mumaphera mawu pampeni.

Ndikanapemphedwa kumasulira mawu aja akuti House, sindikanati nyumba. Ndikanati mbumba. Mwini mbumba ndi mwamuna amene amayang'anira ana amene sanabale, amawaimira pa milandu, amawafunira mankhwala, amawalondola akasochera. Mlongo wanga mwana wake wina atagwidwa chifukwa cha mapepala, iye ndiye anayendayenda mpaka anatuluka. Wina atadwala, ndiye ankamukumbutsa mapiritsi usiku uliwonse. Ndi ntchito yomweyo imene amalume anatigwirira ife bambo anga atamwalira, ndipo mwina n'chifukwa chake awiriwa sakumvana, poti mwini mbumba sakonda kuona wina pampando wonga wake.

Chichewa chili ndi mwayi wina umene Chingerezi chilibe. Mlowam'malo wathu sasankha: iye ndi iye, anabwera ndi anabwera. Mu Disembala 2009 Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza anachita chinkhoswe ku Blantyre, namangidwa. Mu Meyi 2010 analamulidwa kukakhala kundende zaka 14, ndipo Bingu wa Mutharika anawakhululukira masiku ochepa pambuyo pake, Ban Ki-moon ali m'dzikomo. Manyuzipepala a Chingerezi anapunthwa pa mlowam'malo, ambiri nalemba za amuna awiri pamene Tiwonge ankadziona mkazi. Wokamba nkhaniyo m'Chichewa sanakumane ndi mwala umenewo. Amalawi ankati Aunt Tiwo, moseka, koma ngakhale posekapo anatola mawu a chibale.

Pamene Chichewa chimatikakamiza kusankha ndi pa abale a bere limodzi. Mlongo ndi m'bale wosiyana nawe ziwalo. Mphwanga ndi mkulu wanga ndi wa mbali yako. Mawuwa satchula chimene munthu ali payekha, amatchula mmene waimira poyang'anana ndi wolankhulayo. Mmodzi mwa ana a ku Malawi aja anabadwa akuwerengedwa mnyamata, ndipo tsopano amakhala monga mkazi. Anandiuza pa foni kuti mkulu wake wamkazi kumudzi sanakambepo naye za nkhaniyi, ngakhale kamodzi. Anangosintha mawu amodzi. Kale pomutumizira uthenga ankayamba kuti mlongo wanga; tsiku lina anayamba kuti mphwanga. Mwanayo anati anawerenga uthengawo maulendo osawerengeka ali pamzere wa basi. Palibe bungwe limene linapanga mawu amenewo, ndipo palibe amene anawabwereka.

Nanga onyoza aja anachokera kuti? Marc Epprecht, m'buku lake la 2004 lotchedwa Hungochani, analondola mawu akuti ngochani mpaka kumigodi ya golide ya ku Joni, kumene mnyamata wotengedwa ndi wantchito wamkulu kuti akhale ngati mkazi wake ankatchedwa nkotshane. Maukwati a m'komboni amenewo anali odziwika moti mu 1907 boma la Transvaal linachititsa kafukufuku, ndipo mmishonale Henri-Alexandre Junod analemba za magule amene anyamatawo ankavina atavala mabere osema pamtengo. Sindikuwakometsera maukwatiwo, munali mphamvu ya wamkulu pa wamng'ono, munali ndalama, munali mantha. Mathanyula athu ali ndi m'bale wawo ku Botswana, matanyola, ndipo kwa ine zimenezi zikuloza njira ya Wenela ndi Theba. Mawu anayenda ndi sitima, koma chinthucho sichinadikire sitima: Epprecht yemweyo anapeza milandu ya amuna ndi amuna anzawo m'mabuku a makhoti a Southern Rhodesia kuyambira zaka zoyambirira za m'ma 1890, azungu atangofika kumene. Chondiseketsa, ngati n'choseketsa, ndi chala. Ku Joni ankati zinadza ndi Amashangani. Kuno ndinakula ndikumva kuti ndi za Mabhurandaya. Ku Malawi amati zinadza ndi obwera kumigodi, kapena ndi azungu a kunyanja. Aliyense amaloza kutsidya kwa malire.

Ndipo malirewo tikuwadziwa mmene alili. Pa Lizulu, m'boma la Ntcheu, msewu wa M1 ndiwo malire. Wogulitsa mbatata kum'mawa kwa msewu ali pansi pa ndime 153 ya malamulo a Malawi, ya zaka 14, imene khoti linakana kuichotsa mu Juni 2024 pa mlandu umene mmodzi wa odandaula anali Jana Gonani. Wa kumadzulo kwa msewu ali ku Mozambique, kumene mlandu wotere unafafanizidwa mu 2015. Ku Chipata chilango chimayambira pa zaka 15. Malamulo a Malawi ndi Zambia amenewa ndi otsala a Angerezi a cha m'ma 1930. Anthu onsewa amanenerera mitengo ya kabichi m'chilankhulo chimodzi, ndipo aliyense akafunsidwa adzati lamulo la mbali yake ndilo chikhalidwe cha makolo.

Agogo aakazi anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Mlongo wanga sanathe kubwera chifukwa cha mapepala, koma diresi limene anaikidwa nalo linachokera m'manja mwake, ndipo linafika pa basi usiku wa tsiku lachiwiri la maliro. Disembala ikubwerayi, pamene a ku Joni ndi ku Botswana amabwera kumudzi, tikuvundukula chiliza. Theka la mtengo wa mwalawo walipira ndi iye. Nsalu ya banja lonse, zovala 23, akusoka ndi iye. Pa msonkhano wa banja amalume anati zovalazo atumize, koma mwini wake asabwere, chifukwa anthu a m'komboni anaona kanema uja. Anafunsa kuti, “Akabwera akhala mbali iti, pamipando ya amuna kapena pamphasa ya amayi?” Amayi aang'ono, amene anamubala, anaweramitsa mutu osanena kanthu. Amayi anga ndiwo anayankha. Anati, “Achimwene, amayi athu ali pansi apo avala nsalu ya mwana ameneyu. Kapena tikawavule kaye?” M'nyumba munati zii, mpaka wina anadzuka kukaona madzi a tiyi.

Nkhaniyo sinagamulidwe. Amalume sanavomere, sanakanenso kachiwiri. Nditamuuza mlongo wanga za funso la mipando ndi mphasa anaseka, nati, “Asisi, ine pa mwambo ndinayamba ndakhalapo pansi? Ndidzakhala ndi simbi kuseri, kusita makolala a anthu 23.” Wagula kale tikiti ya basi. Akuti adzavala jekete la agogo aamuna, limene analiphwasula n'kulisokanso pa thupi lake, ndipo wandilonjeza kuti kuchokera pageti kukafika pamanda adzangonyang'ama, sadzanyang'wa.

Miyezo ya anthu onse inatumizidwa mwezi watha, kupatula ya munthu mmodzi. Sabata yathayi akazi awo a amalume anandiimbira foni, natchula manambala a chifuwa, a m'chiuno ndi a mkono, ine n'kumalemba. Pomaliza anatsitsa mawu, nati bambo akuti jekete lawo likhale long'ambika pawiri kumbuyo, ngati lija ankavala atate awo popita kutchalitchi, ndipo akuti telalayo akulidziwa.